Alamu, injiniyo isapite ku usipa usiku uno

Alamu, mwaswera bwanji kunyanjako? Uthenga wanu ndaumva, kungoti kuno ku Ndirande ndinali kunsi kwa minibasi ya munthu, manja ali bii. Mwati injini ya boti yanu ija, Yamaha Enduro ya mahosipawa 15, yayamba kugogoda mukaikoka kwambiri, ndipo anyamata akuti mungowonjezera oyilo mu petulo phokosolo litha. Ayi alamu, chonde. Ikagogoda ndiye kuti china chake chikudyeka m'katimo, ndipo oyilo wambiri sabwezera chitsulo chimene chadyeka. Angokudetserani mapulagi ndi kuunjika mwaye pamutu pa pisitoni.

Choyamba ndifunse, amasakaniza mafuta ndani, nanga amayeza ndi chiyani? Injini imeneyo ndi two stroke, ilibe posungira oyilo ngati ya galimoto. Oyilo amene amafika ku mabering'i ndi yekhayo mwathira mu petulo. Muyeso wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi. Chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 400, thanki ya malita 25 imafuna theka la lita. Akhalenso oyilo wa maboti wolembedwa TC-W3 pabotolo, osati wa galimoto. Anyamata ambiri amangothira ndi maso, kukhutchumula chigubu osakhutchumula. Nanga petuloyo mukugula kuti? Wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu uja ena amamuthira palafini, ndipo palafini amaphulika molakwika mu silinda. Kagogodedwe kake kamakhala kopyapyala, ngati timiyala tikugunda m'chitini, ndipo kamamveka boti likalemera, mukachepetsa moto n'kuleka.

Tsono pali chimene anthu ambiri sachiganizira. Kabureta ikatsekeka ndi zinyalala, petulo amalowa wochepa. Pa two stroke, petulo akachepa ndiye kuti oyilo naye wachepa, popeza amayendera limodzi. Mukhoza kusakaniza bwinobwino koma injini n'kumauma m'kati chifukwa cha kamchenga kamodzi kotseka jeti, kabowo kodutsa petulo m'kabureta. Ndiye atsuke kabureta ndi fyuluta, aonenso paipi yochokera ku thanki ndi kampira kopopera kaja ngati sizikulowetsa mpweya.

Kenako madzi oziziritsa injini. Mukailiza, yang'anani kumbuyo ngati ikukodza mwamphamvu. Ikamangodontheza, kapena madziwo akutentha moti simungaikepo dzanja, ndiye kuti impela, kampira kozungulira kamene kamapopa madziwo, yatha kapena polowera madzi pansipo patsekeka ndi mchenga, udzu kapena jumbo. Kwanuko mumakokera boti pamchenga tsiku lililonse, ndipo impela ndi ya mphira, mchenga umaidya msanga. Injini yotentha imagogoda, mukaikakamiza pisitoni imagwira.

Masulani mapulagi onse awiri muwaike pansalu yoyera. Ofiirira ngati tiyi wamkaka ali bwino. Akuda ndi onyowa, oyilo wachuluka. Oyera mbee, injini ikuuma ndi kutentha. Koma mukaona timadontho tonyezimira ngati siliva kunsonga kwake, imeneyo ndi pisitoni yayamba kusungunuka, musailizenso ngakhale pang'ono.

Mapulagi ali kunja choncho, kokani chingwe pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Mukamva kukhwekhwereza, kapena flywheel, gudumu lolemera la pamwamba pa injini lija, ikugwedezeka mukaikankha ndi dzanja, ndi mabering'i a crankshaft amenewo, shafuti imene mapisitoni amaizunguza. Kugogoda kwa bering'i kumakhala kolemera, gu gu gu, kumatsata liwiro la injini ndipo sikuleka ngakhale giya ili pa nyutulo. Pamenepo palibe chidule, iyenera kutsegulidwa. Bering'i ikasinthidwa msanga ndalama yake ndi yopirika, koma ikasweka ili m'kati imawononga crankshaft ndi silinda yomwe, ndiye mwagula injini ina. Komanso tangoganizani itazima pakati pa nyanja usiku, mwera utayamba, muli ndi ana a eni m'botimo. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chimenecho.

Ngati pa nyutulo ili zii koma ikugogoda mukalowetsa giya, vuto lili kumunsi. Chotsani pulopela muone ngati twaini wa ukonde sanakulungike pa shafuti, chifukwa amadula silo, kampira kotchinga madzi, madzi n'kulowa m'giyabokosi. Masulani kabawuti ka pansi pa giyabokosi. Oyilo akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa. Akatuluka ndi tizitsulo, mano a giya akutha. M'menemo mumalowa oyilo wa giya wa 90.

Mawa m'mawa mundijambulire kavidiyo injini ili m'madzi, osailiza pouma. Muyambe pa nyutulo kenako mulowetse giya pang'ono, foni ili pafupi ndi mutu wa injini, chivundikiro mutachotsa. Mutumizenso chithunzi cha mapulagi ndi cha botolo la oyilo amene mukuthirayo. Makaniko wa kumeneko akhale ndi geji ayeze kompuresheni, mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda, masilinda awiriwo asasiyane kwambiri. Zikapezeka kuti ndi mabering'i kapena impela, mundiuze nambala yolembedwa pa kachitsulo ka pa bulaketi, ndikafufuze ku Limbe ndikutumizireni pa basi ya ku Mangochi. Muwapatse moni achemwali ndi ana.