Kodi kulemberana pangano ndi m'bale wa mumpingo n'kusowa chikhulupiriro?

Funso: Bambo mlangizi, ndine mayi wochita bizinesi yaing'ono. Mnzanga amene ndimapemphera naye akufuna ndimukongoze gawo la mpamba wanga, adzabweze pakatha miyezi 6. Nditapempha kuti tilemberane, anakhumudwa n'kunena kuti abale mwa Ambuye sakayikirana. Kodi ndinalakwa?

Yankho: Simunalakwe mayi, ngakhale kuti mawu a mnzanuyo si opandiratu nzeru. Anthu opembedza pamodzi amakhulupiriranadi msanga, ndipo malonda ena akuluakulu anakula chifukwa cha zimenezi. Banki ya Barclays inayamba ku London mu 1690 m'manja mwa anthu a mpingo wa Quaker, amene ankatchuka ndi kusanama pa malonda ndiponso kusasinthasintha mtengo potengera nkhope ya wogula. Koma chimene ambiri amaiwala n'chakuti mpingowo unkalondoloza malonda a anthu ake, moti munthu wolephera kubweza ngongole chifukwa cha chinyengo kapena kusasamala ankatha kuchotsedwa mumpingo. Wokongozayo ankatetezedwa ndi maso a gulu, chifukwa wokongolayo ankadziwa kuti akathawa ngongole ataya mbiri, abale ndi makasitomala tsiku limodzi. Ndiye mudzifunse ngati mumpingo mwanu muli wina amene angamuitane mnzanuyo n'kumudzudzula atapanda kubweza.

Kumene kulibe maso otere, chipembedzo chimasanduka chovala chabe, ndipo akathyali amachidziwa bwino chovalachi. Bernard Madoff wa ku New York, mkulu wa kampani yomwe anthu ankaikako ndalama zawo kuti zipindule, amene anamangidwa mu 2008 n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 150, anadyera ndalama anthu ndi mabungwe achifundo ambiri a Ayuda anzake, omwe sankamufunsa zambiri poganiza kuti ndi wawo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindikunena kuti mnzanuyo ndi wakuba ayi, komatu munthu woona mtima nayenso amadwala, amaluza pa malonda, amamwalira, ndipo otsala ake sangabweze ngongole imene sakuidziwa.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti mabuku opatulikawo savomereza zimene mnzanuyo akunena. Pa Yeremiya 32, mneneriyo pogula munda kwa m'bale wake weniweni Hanameli analemba kalata ya pangano, anaitana mboni, anayeza siliva pasikelo, kenako analamula kuti makalatawo asungidwe mumtsuko wadothi kuti akhalitse. Mu Qur'an, ndime yaitali kuposa zonse, ya 282 mu Surah ya 2, ikulamula okhulupirira kuti akamakongozana alembe ngongoleyo ndipo pakhale mboni.

Choncho mubwerere kwa mnzanuyo mwaulemu, mumuuze kuti pepalalo likuteteza nonse awiri. Mulembe kuchuluka kwa ndalama, tsiku lobweza, ndi chimene chidzachitike bizinesi yake ikapanda kuyenda, ndipo mkulu wa mpingo amene nonse mumamulemekeza asayinire ngati mboni. Mufufuzenso mwakachetechete kwa amene anamukongozapo kale kuti anawabwezera motani. Akakanabe kulemberana, mpamba wanu musaukhudze; ngati mtima ukukuwawani, mupatseni kangachepe kochokera pa phindu, ndipo munene poyera kuti imeneyo ndi mphatso yosabweza.