Mapointsi 26 koma Chingerezi 7: ndipite ku Joni kapena ndibwereze?

Mnyamata wina wa cha ku Namwera watilembera imelo. Wamaliza Folomu 4 pa sekondale yoyendera, wapeza mapointsi 26, koma Chingerezi wapeza 7. Atsibweni ake ali ku Joni ndipo akuti apite, amupezera ntchito mu shopu. Mayi ake akufuna apitirize sukulu. Akufunsa kuti atani.

Mng'ono wanga, yamba waiwala kaye za mapointsiwo, uyang'ane giredi iliyonse payokha. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Mayunivesite aboma, omwe ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, amafuna ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chikhalepo. Ndiye kuti ndi 7 wakoyo, ngakhale utadzaza mosamala bwanji fomu ya NCHE, bungwe loyendetsa ntchito yofunsira malo m'mayunivesite aboma, dzina lako silituluka. Satifiketi wapeza ndithu, koma khomo la ku yunivesite latsekedwa ndi phunziro limodzi lokha. Ana ambiri amataya ndalama ya fomu chifukwa palibe anawauza zimenezi.

Phunziro limodzi si loti munthu nkuthawira dziko. Ukhoza kulembanso ngati external candidate. Kalembera wa MANEB amachitika miyezi ingapo mayeso asanafike, choncho pita msanga kwa ahedi a sukulu yomwe ili senta ya mayeso ukafunse tsiku lotsekera. Ndalama ya mayeso lipira wekha kudzera njira yomwe MANEB yalengeza, usapatsire munthu pamanja kuti akakulipirire, ndipo umboni woti walipira uusunge. Chaka chomwe ukufuna kufunsira malo, werenga chilengezo cha NCHE mzere ndi mzere, chifukwa ndi momwe amanena zaka za MSCE zomwe akulandira komanso za kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri.

Kubwereza kumakanika pamene munthu angolembetsa nkukhala pakhomo kudikira. Chingerezi sachiloweza ngati notsi za Agriculture. Ana ambiri kuno amakula akuyankhula Chiyao pakhomo, Chichewa pamsika, Chingerezi nkumangokumana nacho m'kalasi, ndiye chimawagwetsa ndi composition, summary ndi note-making. Mankhwala ake ndi kulemba. Sabata iliyonse lemba composition imodzi ndi summary imodzi, upeze mphunzitsi wochonga ndi cholembera chofiira, kenako ulembenso zomwe wakukonzera. Mabuku a literature uwawerenge enieniwo, osangodalira timapamfuleti ta mayankho. Ngati Masamu ako nawo ali pa 7 kapena 8, alembenso limodzi, poti maphunziro a sayansi, zaumoyo ndi zamalonda amawafuna.

Komanso si onse ofunika yunivesite, ndipo izi sitikunena mongokutonthoza. Sukulu za ntchito zamanja zomwe zili pansi pa TEVETA, monga Nasawa ku Zomba kapena Mangochi Community Technical College, zimaphunzitsa luso loti munthu nkudya nalo. Taona mahotela a m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, ma injini a maboti pa madoko, ma sola omwe akudzadza pa madenga. Zonsezi zimafuna wozikonza. Ku Mpwepwe kulinso Malawi College of Fisheries. Koleji iliyonse ili ndi zofuna zake, kafunse pa ofesi pawo. Ukafuna koleji yomwe si yaboma, tsimikiza kaye kuti ndi yovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA usanapereke ngakhale tambala.

Za ku Joni tinene mosabisa. Nyumba za malata zomwe ukuziona ku Namwera ndi ku Makanjira, zambiri zamangidwadi ndi ndalama za kumeneko, ndipo atsibweni ako sakukufunira zoipa. Koma pasipoti ya Malawi imakulola kukhala ku South Africa masiku 30 ngati mlendo, si chilolezo chogwirira ntchito. Masikuwo akatha umakhala mozemba, bwana akakana kukulipira ulibe kokadandaula, ndipo ukagwidwa umakasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Amene wapita ali ndi zaka 19 kawirikawiri sabwereranso kudzalemba Chingerezi chija. Joni sikuthawa. Ukadzafunabe kupita, udzapite ndi pepala la luso m'manja, osati manja okha.

Pakali pano konza mapepala. Katenge notification ya zotsatira ndi testimonial kusukulu. Ngati uli ndi ngongole ya fizi kapena buku la laibulale lomwe sunabweze, thana nazo tsopano, chifukwa sukulu zambiri zimagwira mapepala pa zifukwa zimenezi. Ngati ulibe chiphaso cha unzika, pita ku ofesi ya NRB kwa DC. Ndiyeno ika chiphasocho pambali pa pepala la MANEB ufananize chilembo ndi chilembo. Kuno vutoli ndi lalikulu: pena alemba Yusufu pena Yusuf, pena dzina la bambo pena la agogo, tsiku lobadwa nalo losiyana. Zoterezi zimadzakuvutitsa pofunsira malo, pofunsira ngongole ya sukulu ku HESLGB ngakhale popangitsa pasipoti, ndipo kukonza kumatenga nthawi. Chita fotokope mapepala onse, enieniwo uwaike mu pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha.

Miyezi yodikirayi gwira kaganyu, kaya kugulitsa usipa, kaya kuthandiza pa shopu, kuti upeze ya mayeso ndi ya mphunzitsi. Koma usatenge njinga ya kabaza ya munthu yoti uzipereka ndalama tsiku ndi tsiku, chifukwa idzakudyera usana wonse, madzulo nkufika utatheratu. Mayi ndi atsibweni uwauze pamodzi, ngakhale pa foni, kuti ukupempha chaka chimodzi, ndipo atsibweniwo uwapemphe kuti ndalama yomwe akanakutumizira ya basi ikhale ya mayeso.