Kope la ngongole la Amlaliki

Adzukulu anga inu awiri, mwandibweretsera mlandu ngati ndine mfumu. Iwe wamkuluwe ukuti agogo anu aamuna amene taika sabata yathayi asiya kope lodzadza maina a anthu otenga katundu pa ngongole musitolo, ndiye ukufuna uyambe kuyenda nalo khomo ndi khomo kuyambira pa Chitakale mpaka kumalayini a ku esiteti. Mng'ono wakoyu akuti ayi, agogo anali mlaliki, kopelo tingoliponya pamoto Mulungu aone yekha. Komanso akuti kutchalitchi akufuna iweyo ulowe m'malo mwawo pa zolalikira, ndiye ukukayika ngati munthu woima pa kauntala angaimenso pa guwa. Khalani pansi. Ine dzina langa linakhalamo m'kope limenelo, ndiye ndikudziwa kuwawa kwake.

Muyambe mwadziwa kaye munthu mukumukambayo, chifukwa inu mwawapeza atakalamba kale akuwodzera pa benchi. Anapita ku Harare ali mnyamata, nthawi imeneyo kunkatchedwa Salisbury, ngati mmene ankapitira anyamata ambiri a kuno. Anagwira ntchito musitolo ya mwini wake, kunyamula matumba kenako kuyeza shuga, ndipo ndi komweko anakumana ndi a Methodist. Kuno kwathu munthu ukabadwa umakhala wa CCAP, wa Katolika, kapena wa Sabata ngati uli chaku Malamulo uko, ndiye atatsika sitima pa Luchenza mu 1973 ndi thiranki imodzi, sikelo yachitsulo ndi mpingo woti sitinaumvepo, anthu tinaseka. Tinkati abwera ndi tchalitchi cha m'chikwama. Anayamba ndi kahokala ka udzu, mchere, machesi, sopo wa mtanda, parafini wa m'botolo. Boma la Kamuzu litalamula kuti amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono akachitire malonda m'mizinda ikuluikulu, zomwe zinatheratu cha mu 1978, masitolo ambiri anatsala opanda eni ake ndipo iwo anachita lendi imodzi. Anzawo ambiri amene analowa m'masitolo aja sanathe zaka zitatu, achibale anadya mpamba wonse. Iwo yawo mwaipeza nokha.

Ubusa analibe, kolala sanavalepo. Anali mlaliki wamba, wosalipidwa, ndipo ankanyadira zimenezo. Ankatiuza kuti John Wesley amene anayambitsa mpingowo ku England, uja anamwalira mu 1791, ankatuma anthu wamba a ntchito zamanja kukalalikira, ndipo pa za ndalama anaphunzitsa zitatu: peza zonse ungathe, sunga zonse ungathe, pereka zonse ungathe. Kunena zoona ziwiri zoyambazo agogo anu ankazidziwa kuposa chachitatucho, agogo anu aakazi anavala chitenje chimodzi mpaka chinaoneka ngati sefa pamene zitenje zatsopano zili pa shelefu. Mowa sanagulitsepo, Lamulungu sitolo yotseka ngakhale litakhala tsiku loti anthu alandira kumene ku esiteti, ndipo sikelo yawo ankailola aliyense aiyese ndi mwala wake. Pa khoma analemba ndi penti Miyambo 11:1, ija ya muyeso wonyenga. Nandolo ankagula kwa ife osakanikiza sikelo ndi chala, zimene mavenda a lero mukuti ndi nzeru.

Tsopano imvani yanga. 1992 kunali chilala, chimanga chinapserera chisanamasule, ine ndikuthyola tiyi ana asanu bambo awo atapita kale. Ndinkatenga ufa, mchere ndi parafini ndikumati ndidzapereka pa fotinaiti, fotinaiti ikafika ndalama yathera m'njira, mpaka ngongole inafika K18, imene nthawi imeneyo inali ndalama yoti sugona nayo tulo. Ndinali nditalowa kale mpingo wawo, tikupempherera m'kachisakasa. Lamulungu lina anaimirira natsegula Salimo 37, pamene pamati woipa amakongola osabweza, ndipo ulaliki wonse maso ali pa ine. Dzina sanatchule, koma tinalimo anthu osakwana 30, ndani sanadziwe? Ndinatuluka nyimbo yomaliza isanathe ndipo sindinapondekonso chaka chathunthu. Sopo ndinkakagula kutali, kudutsa pakhomo pa sitolo yawo nkhope nditayang'ana kuphiri.

Tsiku lina madzulo ndingoona njinga yaima pabwalo. Anavula chipewa, anakhala pa mphasa osati pa mpando, nati mayi ndinalakwa, ndinatenga kope la musitolo ndikukwera nalo pa guwa. Munthu wamkulu, mwini sitolo, kupepesa kwa mayi wothyola tiyi! Ine mumtima ndinati basi ngongole yatha. Aaa, pokwera njinga anatembenuka nati koma K18 ija ilipobe, mukakolola nandolo tidzaonana. Ndinakwiya usiku umenewo, koma mmawa ndinapezeka ndikuseka ndekha. Ndinalipira ndi nandolo zaka ziwiri, ndipo tsiku lomaliza anandiitana kuti ndione ndi maso anga akudula mzere pa dzina langa.

Ndiye iwe ukufunsa ngati wamalonda angalalikire, angathe, bola kope lizitsala musitolo. Wa mpingo akabwera kudzakongola umuyeze ndi muyeso womwewo umayezera Msilamu wa pa msika, ngati sungathe kumukongoza umuuze pomwepo maso ndi maso, osati kumwetulira Lachiwiri kenako kumubaya ndi vesi Lamulungu. Ndipo ndalama ya chopereka isagone mu dirowa imodzi ndi ya malonda ngakhale usiku umodzi, agogo anu ankaipereka kwa msungichuma anthu asanabalalike.

Za kopelo, nonse awiri mwaphonya. Iwe wofuna kuyenda nalo khomo ndi khomo, dothi la pamanda lisanaume? Anthu omwe ali m'kopemo ndi omwe anagona panja masiku awiri akuimba, ena anakumba manda, ena anabweretsa nkhuni ndi ufa, maliro n'kulirana. Pa mwambo wathu mawu ananenedwa kale kumanda, munamva woimira banja akuti amene malemu anali naye ngongole, kapena iye ali ndi ngongole kwa malemu, abwere aonane ndi akubanja. Mawu amenewo si okongoletsa mwambo ayi, ndi khomo lotsegulira munthu kuti abwere yekha ndi ulemu wake. Mumadikira kaye mpaka abale atakumana, zapamaliro zitatha, ndipo amayamba kulipidwa ndi amene malemu anawakongola. Mwafunsa kale ku Limbe kumene ankaoda katundu ngati kulibe chotsala? Kapena mukungowerenga zolowa zokha?

Ndipo kopelo si lanu. Agogo anu aakazi ali moyo. Paja ndinaona tsiku la maliro ena a kuchimuna akuzungulira sitolo, kuyang'ana maloko, wina mpaka kufunsa makiyi mtembo uli m'nyumba, manyazi analibe. Muwauze mwaulemu, kudzera kwa malume awo ndi a mfumu, kuti chuma cha masiye chili ndi lamulo, la 2011 lija, limaika patsogolo mkazi ndi ana ndipo kulanda katundu wa malemu ndi mlandu woti munthu amamangidwa nawo. Apa pokha agogo anu ndimawadandaula, munthu wolemba ngakhale bokosi la machesi m'kope koma wilo osalemba, akuti kulemba wilo ndi kuitana imfa. Imfayo inabwerabe, anangogwa m'mawa akutsegula chitseko cha sitolo, pofika nawo kuchipatala anali atapita.

Iwe wamng'ono, mtima wako ndi wabwino koma kuwotcha kope ndi kupatsa ndi dzanja la mwini. Shuga ali pa shelefuyo ndiye mankhwala a BP a agogo ako, ndiye fizi ya ana a malemu azakhali ako. Komanso ukuwanyoza anthu osadziwa. Ukanandiwotchera K18 yanga ija, bwenzi mpaka lero ndikudutsa pa sitolo paja mutu uli pansi. Alipo ambiri amene akufuna kulipira, akungodikira kuti misozi iphwe.

Tsegulani kopelo pamodzi ndi agogo anu aakazi, iwo amalidziwa kuposa inu ngakhale amawerenga movutikira. Mupezamo mizere ya mitundu iwiri. Wa buluu ndi wolipira. Wofiira ndi amene anawakhululukira okha, ndipo ofiirawo muwaona achuluka pa 2002 chaka cha njala, ndi pa 2023 namondwe wa Freddy atagumula nyumba za anthu ndi kukokolola minda. Sankalengeza, mwina ndi pamenepo pamene chachitatu cha Wesley chija, chopereka, chinkabisala. Dzina lodulidwa ndi chofiira musalitchule kwa munthu, ngakhale kwa akazi anu, ndipo chonde musajambule tsamba ndi foni kumatumizirana pa WhatsApp, ndikukudziwani. Otsalawo agaweni: wa ntchito amene akulandira mwezi ndi mwezi, patapita mwezi umodzi kapena iwiri mutume munthu wamkulu akamukumbutse mwakachetechete, ndipo mulandire ngakhale pang'onopang'ono, ngakhale nkhuku. Nkhalamba, amasiye ndi odwala, cholembera chofiira chija chili mu dirowa ya kumanzere, koma wodula mzere akhale mwini wake mayiyo osati inu. Chiwongoladzanja musaikepo, sitolo ija sinakhalepo ya katapila.

Mukafika chakumapeto kwa kopelo mupeza dzina langa kachiwiri, shuga paketi imodzi ndi mafuta ophikira, ndinatenga mwezi watha akundiseka kuti mayi mwayambiranso. Musavutike kutuma munthu. Loweruka ndibwera ndekha kudzawaona agogo anu aakazi, nandolo ndapeta kale ali m'thumba, mundikonzere sikelo ija.