Njinga yamoto yothamanga yoyenera M1 wathu: makaniko wa ku Dedza akuyankha

Funso loyamba lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Bembeke. Akuti: "Ndakwera Boxer zaka 4, tsopano mtima ukufuna njinga yokulirapo, ya maonekedwe a mpikisano, yoti ndizipitira ku Lilongwe ndi ku Ntcheu. Mnzanga wa ku Joni wandipezera Yamaha R6 yakale pa mtengo wofanana ndi Honda CBR500R. Nditenge iti?"

Aphunzitsi, tengani CBR500R. R6 ija muuzeni mnzanuyo aisiye komwe ili.

R6 ndi njinga yabwino, sindikuinyoza ayi, koma anaipangira bwalo la mpikisano. Injini yake ndi ya 599cc, masilinda 4, mavalavu 16, ndipo mphamvu yake imapitirira mahosipawa 110. Mphamvu imeneyi imagona mpaka injini itazungulira kupitirira 10,000 pa mphindi, kenako imadzuka yonse nthawi imodzi. Tsono taganizirani msewu womwe muziyendamo. Mukatsika ku Bembeke n'kukhotera ku Ntcheu, pa Lizulu pali msika womwe wadya msewu mbali zonse: matumba a kachewere, madengu a tomato, akabaza otembenuka osayang'ana, mbuzi, ngolo, ndi thiraki yoima pomwe yafuna. Malo otere R6 imangotentha, fani ikulira, inu mutawerama ngati mukupalira, manja ali pansi, khosi likupweteka. Mukati mupotokole pang'ono kuti mudutse minibasi, imakuponyerani kutsogolo musanakonzeke.

CBR500R ndi ya 471cc, masilinda 2, mahosipawa pafupifupi 47. Honda anayamba kuigulitsa mu 2013. Boxer 150 yanuyo ili ndi mahosipawa 12, ndiye kuti mukhala mwakwera chinthu champhamvu kanayi kuposa chomwe manja anu anazolowera. Zimenezo n'zokwanira kudutsa thiraki pa chitunda mopanda mantha. Imakoka kuyambira pansi, mumakhala mowongoka ndithu, ndipo ikasamalidwa imayenda makilomita 25 kapena kuposerapo pa lita. R6 imasewera cha m'ma 15. Kuchoka pa boma la Dedza kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, kupita n'kubwerera 170. Pa Honda mumwetsa malita 7, pa R6 mupitirira 11. Masiku omwe petulo amasowa aja, munthu n'kugona pamzere, kusiyana kumeneku kumaoneka.

Funsaninso mumtima kuti n'chifukwa chiyani njinga yodula chotere yatsika mpaka kufanana mtengo ndi yaing'ono. R6 yotsika mtengo kawirikawiri imakhala kuti inagwapo, kapena inakwapulidwa zaka zambiri ndi anyamata osasintha oyilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mnyamata wina wa pa Kampepuza wafunsa kuti: "Ndalama zanga sizingafike pa 500cc. Pali ina yocheperako yomwe sindingachite nayo manyazi?"

Achimwene, manyazi achotseni pa nkhaniyi. Njinga za 250cc mpaka 400cc ndi zomwe ine ndimazikonda pa misewu yathu. Honda CBR250R, yomwe inatuluka mu 2011, ili ndi silinda imodzi, pulagi imodzi, imaziziritsidwa ndi madzi, ndipo kulemera kwake ndi makilogalamu 160 ndi pang'ono. Ikagwa mutha kuidzutsa nokha. Makaniko amene amadziwa bwino injini ya kabaza sasochera kwambiri akaitsegula. Kawasaki Ninja 300 ndi ya 296cc, masilinda 2, ndipo thanki yake imalowa malita 17, chinthu chomwe mudzachiyamikire mukapeza mafilingi siteshoni onse a m'njira ali gwa. Yamaha R3 ya 321cc nayo ndi yabwino, ndipo inayamba mu 2015.

Musaiwale za ku India. Bajaj, kampani yomwe imapanga Boxer, imapanganso Pulsar NS200 ndi Dominar 400 ya 373cc. Masipeya a Boxer sakwana pa njinga zimenezi, wina asakunamizeni, koma zipangizo za Bajaj n'zotsika mtengo poyerekeza ndi za ku Japan. Munthu woyamba kumene amene akuwerenga ndalama iliyonse, NS200 yosamalidwa ikhoza kumutumikira kuposa Ninja yotopa.

Wandalama zochulukirapo amene wakwera kale zaka, ayang'ane Suzuki SV650 kapena Kawasaki ER-6n. Zonsezi ndi za masilinda 2, ndipo SV650 inayamba kupangidwa kale mu 1999, kotero masipeya ake ku South Africa ndi ambiri. Pamenepa ndi pomwe ine ndimaikira malire.

Funso lachitatu ndi la bambo wina wa ku Linthipe: "Ndaona Honda CB400 Super Four yochokera ku Japan, kulira kwake kokoma zedi. Ena akuti ndipewe za kompyuta, nditenge ya kabuleta chifukwa imakonzeka paliponse. Zoona?"

Bambo, kulira kwa CB400 ngakhale ine kumandiimitsa ntchito. Koma za kabuletazo n'zoona pa njinga ya kabuleta imodzi. CB400 zakale, za m'mbuyo mwa 2008, zili ndi makabuleta 4, ndipo onse ayenera kupuma mofanana. Kuwalinganiza kumafuna mageji ake, osati khutu lokha. Imodzi ikatsekeka pang'ono, njinga imatsokomola, imadya mafuta, pulagi ya silinda imeneyo imada bii, ndipo mudzazungulira magalaja mwezi wathunthu aliyense akupotokola sikulu yake.

Pali zinthu ziwiri za kwathu kuno zomwe zimavutitsa kabuleta. Choyamba ndi kukwera kwa malo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 alionse pa mamita 300 alionse omwe mwakwera. Njinga yomwe inatcheredwa kugombe la nyanja ku Japan kapena ku Durban ikafika kuno imalandira petulo wambiri kuposa mpweya, n'chifukwa chake imanunkha mafuta ndi kudetsa mapulagi. Mukaitchera kuti igwirizane ndi Dedza, tsiku lomwe mwatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti imasinthanso khalidwe. Njinga ya injekishoni, ya kompyuta mukunenayo, imayeza mpweya yokha n'kusintha muyeso wa mafuta, kaya muli pa Dedza m'chifunga cha mu Julayi kaya muli kunyanja kotentha. M'mawa wozizira imalira kamodzi, osalimbana ndi tchoko.

Chachiwiri ndi petulo wathu. Ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo izi zinayamba kale mu 1982 ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikaima milungu ingapo thanki ili theka, pansi pake pamakhala madzi, dzimbiri limayamba, ndipo timabowo ta kabuleta timatsekeka. Injekishoni nayo ili ndi mdani wake, yemwe ndi mafuta a m'zigubu. Zinyalala ndi palafini wosakanizamo zimapha pampu ya mafuta, ndipo pampu imeneyo simungaipeze pa msika wa Dedza. Mukakakamizika kugula a m'chigubu, sefani ndi kansalu koyera, ndipo musamayende thanki itauma, popeza pampuyo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Mukasunga zimenezi, ya injekishoni ndiye yabwino kuno.

Ambiri afunsa kuti akapita kukaona njinga yogwiritsidwapo kale ntchito aziyang'ana chiyani. Apa ndikhalitsapo.

Muuzeni wogulitsa kuti asailize musanafike. Mukafika, gwirani paipi ya ekizozi pafupi ndi injini ndi kuseri kwa dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti pali chomwe akubisa, bwererani mawa m'mamawa. Injini yozizira ndi imene imanena zoona: utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, utsi woyera wosatha wonunkha motsekemera ndi madzi amene akulowa mu silinda. Tsegulani potsirira oyilo. Mukaona zoyera ngati chambiko, madzi asakanikirana ndi oyilo, isiyeni.

Kenako gwadani kutsogolo. Pansi pa khosi la felemu pali titsulo tiwiri tomwe timaletsa handulo kukhota mopitirira. Chaka chatha mnyamata wina anabwera ndi Ninja pa galaja yanga, yowala ngati yatsopano, mapulasitiki onse opentedwa kumene. Ankadandaula kuti akasiya handulo pang'ono njinga imakokera kumanzere. Nditawalitsa tochi pansi pa khosi ndinapeza katsulo kakumanja kanathyoka n'kuwotcheredwa, penti wakuda wopaka ndi bulashi akuonekeratu. Titamasula mafoloko n'kugubuduza paipi yake pa galasi, inkadumpha. Njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu, wogulitsa n'kungoiveka zovala zatsopano. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali atagwira paipi ija m'manja. Ndalama yomwe anasunga zaka ziwiri inali itapita, ndipo ine zinandiwawa ngati ndi mwana wanga. Kuyambira pamenepo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti anyamule tochi.

Yendetsani chala pa mapaipi a mafoloko: akakhala ndi oyilo, masiilo atha. Kokani tcheni kumbuyo kwa sipuloketi: chikatukuka mpaka kuonetsa theka la dzino, tcheni ndi masipuloketi onse awiri n'zosintha pamodzi. Tengani kamita ka magetsi, kaja amagwiritsa ntchito okonza mawailesi, muyeze pa batire injini ikulira mokwezako. Muyenera kuona pakati pa mavoloti 13.5 ndi 14.5. Zikatsika kapena kupitirira 15, legyuleta kapena makoyilo otchajira ali ndi vuto, ndipo amenewa ndi matenda ofala pa njinga zakale za ku Japan. Pa tayala pali manambala 4 otsatira malemba a DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2317, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 mu 2017, ndipo ngakhale mizere ikuoneka, labala wake anauma kale. Pa phula lonyowa la ku Dedza tayala lotere limaterereka ngati sopo.

Pomaliza, nambala ya felemu yomwe inadindidwa pakhosi ifanane ndi ya m'mapepala, chilembo ndi chilembo. Pano tili m'malire, njinga zimalowa pa Dedza, pa Biriwiri, ndi m'njira zina zosadziwika. Yopanda mapepala a msonkho a MRA, kapena yochokera ku Joni yopanda chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti siyobedwa, simungailembetse ku Road Traffic mwamtendere. Ngakhale mtengo utakoma bwanji, musapereke ndalama.

Mayi wina wogwira ntchito zachipatala ku Ntcheu wafunsa ziwiri: "Ndine wamfupi, kodi ndingaikwanitse? Ndipo ndisunge ndalama zingati pambali pa yogulira?"

Mayi, mungaikwanitse bwinobwino. Mpando wa CBR250R uli pa mamilimita 780 kuchokera pansi, wa Ninja 300 pa 785. Kaikhalireni musanagule. Ngati zala za mapazi onse awiri zikugunda pansi molimba, kapena phazi limodzi likuponda lonse, yakukwanani. R6 ija mpando wake uli pa 850, n'chifukwa china chomwe ndawaletsera aphunzitsi aja.

Pa ndalama, gawani zomwe muli nazo patatu. Magawo awiri ndi a njinga, limodzi lisakhudzidwe. Gawo limenelo lipita ku inshulansi, kusintha umwini, ndi laisensi, popeza ya A1 imathera pa 125cc ndipo njinga zonsezi zimafuna ya A. Lipitanso ku helemeti yotseka chibwano, magolovesi, jekete yolimba ndi nsapato zophimba akakolo. Inu a kuchipatala mukudziwa kuposa ine momwe okwera njinga amafikira kumeneko. Chotsala ndi cha matayala. Njinga zimenezi zimavala matayala opanda chubu a mainchesi 17, monga 110/70 kutsogolo ndi 140/70 kumbuyo pa za 250 ndi 300, kapena 120/70 ndi 160/60 pa CBR500R. Pa mashopu a masipeya a kabaza mulibe. Itanitsani lakumbuyo lakale lisanathe, ndipo pansi pa mpando muzikhala zomatira ndi kapampu.

Oyilo musathire wa galimoto. Kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto amaiterereketsa mpaka kupsa. Yang'anani malemba a JASO MA kapena MA2 pa botolo.

Mayi, mwanenanso kuti masiku ena mumapita kumidzi ya ku Tsangano. Ngati ndi kamodzikamodzi m'chilimwe, yendani pang'onopang'ono, zitheka. Koma mimba ya njinga zimenezi ili pafupi ndi nthaka, masentimita 14 okha, ndipo mapulasitiki apansi ndi mapaipi a ekizozi ndi zomwe zimayamba kukumana ndi miyala, ngakhalenso mahampu a pa M1 mukawakwera mothamanga. Ngati matope a dzinja ndi ulendo wanu wa sabata iliyonse, funani Honda CB500X. Injini yake ndi yomweyo ya 471cc ya mu CBR500R, koma ndi yotalikirapo miyendo ndipo handulo yake ndi yotambalala. Mpando wake ndi wokwererapo, kuyambira mamilimita 810, ndiye imeneyonso mukaikhalire kaye, mutavala nsapato zomwe muziyendera.