Ndikumva Bwino, Ndibwererenso Kukajambulitsa Mtima?

Mayi wina wandilembera imelo. Anawapeza ndi mitral valve prolapse, vuto la valavu (kachitseko kowongolera magazi) ya mumtima, sakumva kupweteka paliponse, ndiye akufunsa ngati n'kofunikadi kumabwerera kuchipatala. Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa maganizo amenewa ndinali nawo inenso.

Ine anandipeza nalo vutoli ndili ndi zaka 29. Dokotala atamvetsera pachifuwa anamva kaphokoso kachilendo, ndipo echo, komwe ndi kujambula mtima ndi makina, inaonetsa kuti valavu ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima imapindikira m'mbuyo, magazi pang'ono n'kumabwerera kumene achokera. Anati ndizibwera. Ndinapitako kamodzi, basi. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa ndikugwira ntchito, ndikukwera masitepe, ndikudziuza kuti wodwala ndi amene wagona. Kenako ndinayamba kubanika usiku, mpaka kumagona chotsamira mapilo atatu. Pondijambulanso anapeza kuti kuchuchako kwakula, mtima nawo wayamba kufutukuka. Ndinalira m'chipinda momwemo, mkazi wanga atandigwira dzanja.

Sindikukuopsezani. Vutoli, lomwe dokotala wa mtima John Barlow analifotokoza ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1960, lili ndi anthu awiri kapena atatu pa 100 alionse, ndipo ambiri amakalamba nalo bwinobwino. Koma mawu akuti "ndikumva bwino" ndinasiya kuwakhulupirira. Mtima umapirira, umadzikakamiza kupopa kwa zaka osadandaula, ndipo podzamva phuma umakhala utatopa kale. Zimandipwetekanso kumva achibale akuuza munthu kuti asiye kuvutitsa madokotala poti akuoneka wathanzi. Iwo aona nkhope, valavu sanaione!

Nanga muzipita liti?

Zimatengera kuchuchako. Kukakhala kochepa, echo pakatha zaka 3 mpaka 5. Kwapakatikati, chaka chimodzi kapena ziwiri. Kwakukulu, miyezi 6 mpaka 12. Funsani dokotala gulu lanu, ndipo sungani mapepala a echo iliyonse kuti azifananitsa. Musadikire tsiku lanu mukayamba kubanika, kutupa mapazi, kukomoka, mtima kugunda mosalongosoka, kapena kutentha thupi kosatha. Samalaninso mano ndi nkhama, chifukwa majeremusi a m'kamwa amatha kukafika pa valavu.

Valavu yanga anaikonza, sanaichotse, ndipo dokotala anati ndikanachedwanso zikanavuta. Tsiku la echo yotsatira ndinalilemba kale mufoni. Lanunso kalilembeni lero, mayi.