Za matabwa a kumbuyo kwa Chevrolet ya alamu

Eya alamu, mwaswera bwanji ku Johannesburg'ko? Ndamva funso lanu lija, loti pikapu ya Chevrolet C10 mwagulayo matabwa a kumbuyo anaola, ndiye muikemo mtengo wanji komanso mupake chiyani.

Choyamba, matabwa akalewo musataye, kaya afumbwa bwanji. Muwalembe manambala musanawazule, chifukwa ndi amene akuuzeni mulifupi mwa thabwa lililonse, pomwe pali mabowo, ndi kuya kwa timipata ta m'mbali momwe mumagona timizere tachitsulo tija togwira matabwa, tokhala pakati pa thabwa ndi thabwa. Sakhala ofanana onse ayi.

Mtengo wake pezani mlombwa, kumeneko amati kiaat. Ubwino wa mlombwa supindika wamba ukauma, komanso mvula suiopa kwenikweni. Koma musankhe wamtima, wofiirira uja. Thabwa likakhala ndi koyera m'mbali, kumeneko n'kumene kumayamba kufumbwa, mulisiye. Bulugamu ayi, amang'aluka ndi dzuwa. Oak ndi wabwino, kungoti akanyowa atakhudzana ndi chitsulo wamba amada bii mozungulira bawuti. Wogulitsayo ayeze chinyezi inu mukuona, chikhale cha m'ma 12 peresenti, ndipo akupalireni afike mamilimita 19.

Musanaike thabwa n'limodzi lomwe, yang'anani zitsulo zopingasa zapansi zija. Palani dzimbiri lonse, pakani pulayima ndi penti. Chomwe chadyeka mpaka kubooka musinthe, musachimvere chisoni.

Kenako yalani matabwa onse osapaka kanthu, pamodzi ndi timizere take, mabawuti ongolowetsa osamanga. Tengani tepi muyeze bodi mopingasa, kona ndi kona, mbali zonse ziwiri. Manambala akasiyana ndiye kuti bodi yapendama, muikankhe mpaka afanane, apo ayi chitseko cha kumbuyo chizidzavuta kutseka. Thabwa lisagunde bawuti, pakhale mpata wa mamilimita 2 kapena 3. Nthawi ya dzinja thabwa limafufuma m'lifupi, likasowa kopita limatukuka kapena kusweka. Mabowo onse booleranitu pamenepa.

Tsopano apa mumvetsetse alamu, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Amamanga kaye n'kupaka pamwamba pokha poti ndi pooneka. Madzi ambiri salowera pamwamba ayi. Amalowera pansi pomwe matayala amathira matope, m'mabowo a mabawuti, makamaka kunsonga komwe mwadula, kumeneko thabwa limamwa ngati chinkhupule. Ndiye chotsani onse mupake lililonse palokha, mbali zonse zisanu ndi imodzi, m'mabowomo muzilowetsa kaburashi kakang'ono.

Sandipepa yambani ndi yokhakhala ya nambala 80, kenako 120, mumalize ndi yosalalirapo ya 180, motsatira mitsempha ya thabwa. Vanishi gulani wa maboti uja, amalemba marine varnish, woteteza ku dzuwa. Wa mipando ya m'nyumba amasuwuka chaka chisanathe. Ulendo woyamba musungunule ndi turpentine, pafupifupi theka ndi theka, kuti alowe mkati. Kenako pakani kasanu, mopyapyala, kudikira tsiku lathunthu nthawi iliyonse, n'kupalako pang'ono ndi sandipepa ya 320 musanabwereze. Mukapaka wochindikala amauma pamwamba pokha, n'kuchita makwinya. Kunsonga kuja onjezerani kawiri. Pakirani pamthunzi, popanda fumbi.

Pomanga, mabawuti akhale a stainless, a mutu wobulungira aja, ndipo muwapake kagirizi, chifukwa stainless imakonda kulumana ndi nati osamasukanso. Lowetsani onse kaye, muyezenso makona, ndiye muyambe kumanga kuchokera pakati kupita m'mbali, ndi sipanala yapamanja. Kamzere kachitsulo kakangogwira thabwa, lekani. Mukapitiriza kamabonyoka, vanishi amasweka pamenepo, madzi n'kupeza polowera.

Ikhale sabata musanakwezemo katundu, ndipo mabawutiwo mudzawayenderenso pakatha mwezi. Munditumizireko chithunzi cha zitsulo zapansizo mukangozula matabwa, ndione ngati zili zoti n'kusunga. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.