Za vinyo wofiira wopita nawo kwa apongozi: muone chaka cha mphesa

Achimwene, mwafunsa ngati botolo la chaka chakale ndiye labwino, poti mukufuna kugulira apongozi vinyo wofiira ku Stellenbosch, dera lolima mphesa pafupi ndi Cape Town, musananyamuke ulendo wa ku Lilongwe mu Disembala. Ine ndimagwira ntchito yoperekera vinyo pa lesitilanti ku Cape kuno, ndiye ndikuuzani momwe ndimaonera.

Chaka cholembedwa pabotolo ndi chomwe mphesazo zidakololedwa. Kuno amakolola mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo chomwe chimalowa m'botolo ndi nyengo ya chaka chimenecho. Mvula ikagwa mphesa zili pafupi kupsa, zimamwa madzi, zina zimaola, vinyo amatuluka wamadzimadzi. Dzuwa likanyanya, shuga amakwera khungu lisanakhwime, ndiye vinyo amangotentha pakhosi. Alimi amapempherera masana ofunda, usiku wozizira, ndi kamphepo kaja ka kumwera chakum'mawa kamene kamaumitsa chinyezi m'mipesa. N'chifukwa chake 2015 ndi 2017 zimatamandidwa. Chilala chomwe chidatsala pang'ono kuumitsa mipopi ya Cape Town mu 2018 chidabereketsa timphesa ting'onoting'ono, tokhuthala khungu, ndipo mtundu ndi kukoma kwa vinyo wofiira zimachokera m'khungumo.

Malo oti mupiteko, ine ndinganene Kanonkop, m'munsi mwa phiri la Simonsberg. Ndi munda wa banja la Krige, ndipo mpaka pano amawiritsa mphesa m'mathanki asimenti osavundikira. Nthawi yokolola anyamata amasinthana usana ndi usiku kumiza ndi mitengo makungu a mphesa oyandama, pamanja, pakatha maola awiri aliwonse. Ndidaonapo kamodzi, manja ndi zovala zonse zili psuu, fungo la mphesa zowira likukulandirani muli pakhomo. Mphesa yomwe amadziwika nayo ndi Pinotage, imene katswiri wa mphesa Abraham Perold adapanga mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut.

Ngati apongozi adzatsegule botolo pa Khirisimasi pomwepo, tengani vinyo wa ku Kanonkop wotchedwa Kadette. Ndi wofewa, mtengo wake ngofikirika, ndipo amayenda bwino ndi nyama ya mbuzi yootcha. Vinyo wawo wina, wotchedwa Paul Sauer, ndi nkhani ina. Wa 2015 adapatsidwa mapointi 100 pa 100 ndi Tim Atkin, katswiri wolawa vinyo wa ku Britain, koma vinyo ameneyu akadali mwana amamata m'kamwa ngati nthochi yosapsa, amafuna zaka kuti akhazikike. Mukagula wa chaka chaposachedwa n'kumutsegula sabata yomweyo, mudzangodandaula ndalama zanu. Funsani olawitsa pamundapo ngati ali ndi a zaka zam'mbuyo, ndipo mulawe kaye musanalipire.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi cha ulendo. Chaka china ndidaika mabotolo awiri kumbuyo kwa galimoto, tidakhalitsa pamzere ku Beitbridge, kenako n'kudutsa kutentha kwa ku Tete. Pofika kwathu, chitsekerero cha limodzi chidali chitatukuka, vinyo atadontha pa malaya, ndipo winayo ankamveka ngati zipatso zophika. Zidandiwawa, poti idali mphatso ya bambo anga. Kulungani botolo m'zovala pakati pa chikwama, lisakhale pafupi ndi injini kapena zenera. Mukafika, ligonekeni m'kabati ya chipinda chozizira, kutali ndi kukhitchini. Tsiku lomwa, poti Disembala kumudzi kumatentha, liikeni m'firiji mphindi 20 musanathire.